Tsiku Lomaliza la Zikamwa m'Damu la Apongozi Anga

Pa tsiku limene ndikufuna kulilemba pano, m'mphepete mwa damu tinalipo anthu atatu okha. Panali agogo anu a Zakariya, atate a bambo anu, amene kwa ine anali apongozi. Panali azakhali anu a Estere, mlongo wa bambo anu, amene kwa ine ndi alamu. Wachitatu ndinali ine mayi wanu Agnesi, amene pamudzi ankanditcha amake Lameki. Bambo anu a Yohane panalibe, pakuti anali atagona m'manda zaka ziwiri. Iwe Lameki ndi iwe Tereza munali kusukulu. A Zakariya anatisiya kalekale, ndipo a Estere makutu ndi maso zatha, choncho ndaona kuti ndilembe ndekha ndisanayambe kusokoneza zinthu.

1982 mpaka 1990

Nditamaliza Fomu Faifi ndi maphunziro a ulimi wa nsomba, ndinatumizidwa ku Petauke kukathandiza alimi kukumba timadamu ndi kuweta mpende, nsomba ya mtundu wa chambo. Ndinali mkazi mmodzi pakati pa amuna asanu ndi awiri, ndipo jombo zimene anandipatsa zinali zazikulu moti ndinkaikamo nsanza kuti zisavuke m'matope. Kumeneko ndinakumana ndi bambo anu, ali mphunzitsi wa pulayimale. Tinakwatirana, inu munabadwa, ndipo tinkafika kwawo ku Chinyunyu pa Khirisimasi pokha.

Pano ndifotokoze mwambo umodzi, chifukwa ana a masiku ano simuudziwa bwino. M'banja la bambo anu, mtengwa salankhulana ndi apongozi ake aamuna maso ndi maso. Sakhala nawo pamphasa imodzi, sadya iwo akuona, ndipo akakumana panjira amapatukira patchire n'kugwada. Ngati pali mawu, amadzera mwa munthu wina. Zimenezi zimatha tsiku limene apongoziwo atumiza nkhuku kwa mtengwayo. Iye akailandira amapita kukathokoza, apongoziwo amamuikira mpando, ndipo kuyambira pamenepo amacheza ngati bambo ndi mwana wake. Kwa ine nkhukuyo inachedwa. Poyamba tinali kutali, kenako apongozi anga aakazi anamwalira, kenakonso bambo anu anayamba kudwala. Tinapempha kusamutsidwira kufupi ndi kwawo mu 1989, ndipo chaka chotsatira iwo anatsirizikira m'chipatala ku Mpanshya.

Maliro atatha, achibale ena anafika ndi ngolo kuti atenge makina osokera, matiresi ndi njinga. A Zakariya anaima pakhomo ndi ndodo yawo. Ine ndinali kuseri kwa chitseko ndipo ndinawamva akunena kuti, "Amene atulutse ngakhale supuni m'nyumba ya Yohane ayambe wandinyamula ine n'kundiika m'ngolomo." Ngolo inabwerera yopanda kanthu. Makina aja ndi amene anakusokerani mayunifomu. Ndinawathokoza kudzera mwa a Estere, popeza njira ina panalibe.

1991

Damu la kumunsi kwa mudzi linali la boma, ndipo linali m'manja mwanga monga mwa ntchito, koma aliyense ankalitcha damu la a Zakariya. Ali mnyamata, iwo anagwira ntchito kumapiri ozizira a ku Nyanga, m'dziko la Zimbabwe, kunyamulira alendo madengu pamene ankawedza nsomba yotchedwa tirauti. Kumeneko anaphunzira kuwedza kopanda nyongolotsi. Ankamanga nthenga pa mbedza ndi ulusi mpaka ioneke ngati ntchentche kapena chiwala, n'kuiponya pamwamba pa madzi. Atabwerera kwawo anapeza kuti tirauti singakhale m'madzi ofunda a kuno. Choncho iwo ndi bambo anu, asanakwatire, anapalasa njinga mpaka ku famu ina ya kufupi ndi Chongwe, nabwerako ndi tiana ta nsomba ina yakunja m'chigubu, akusintha madzi pa mtsinje uliwonse. M'mabuku athu nsombayo inkalembedwa kuti basi, koma anthu ankaitcha chikamwa chifukwa cha kukula kwa pakamwa pake.

Zikamwa zinaswana. A Zakariya ankazigwira n'kuzibwezera m'madzi, ndipo anthu ankangoti mkuluyu anabwerako ku Nyanga mutu utazizira. Vuto linali lakuti chikamwa chimadya nsomba zinzake. Kawiri konse ndinathira tiana ta mpende m'damumo, kawiri konse tinatha. Ndinatumbula chikamwa chimodzi chimene chinakodwa mu ukonde wanga woyesera, ndipo m'mimba mwake ndinapezamo timpende tinayi. Ndinalemba zimenezi mu lipoti, koma sindinalembe choyenera kuchita, ngakhale ndinkachidziwa.

Ogasiti 1992

Chaka chimenecho mvula inakana. Chimanga chinauma chisanamasule, ndipo anthu ankaima pamzere kudikira chimanga chachikasu chochokera kunja. Ndiwo kunalibe. Ana anayamba kutupa mapazi, tsitsi lawo n'kufiira. Damu linaphwa mpaka mitengo youma ya pakati inaonekera. Njinga yamoto ya ntchito inali yopanda mafuta kwa miyezi inayi, choncho ndinakwera minibasi kupita ku Chongwe kwa abwana anga a Sakala, munthu wamtali wosakonda kuzungulira nkhani. Anawerenga lipoti langa ataimirira.

"Ba Agnesi, madzi atsala ofika pati?"

"M'chiuno, bwana. Pakati pokha ndiye pozama."

"Manje Okutobala akafika, nsombazo zidzafa zokha n'kuwola. Kokani zonse ndi khoka, anthu adye. Mvula ikabwera tithiremo mpende popanda chozidya. Kapena pali china chimene simunalembe?"

Ndinawauza za apongozi anga. Anavula magalasi, n'kukhala pansi.

"Ine sindikukakamizani. Ndinu muli pamalopo. Pepala lololeza khokali likhala lopanda dzina mpaka mutasaina inu. Koma ana aja si ine ndikuwaona tsiku lililonse, ndi inu."

Ndinasaina tsiku lomwelo. Tinagwirizana kuti khoka lidzabwera Loweruka lachitatu la Seputembala. Nditafika pamudzi ndinaitana a Estere, n'kuwafotokozera zonse mwadongosolo, kuti akauze atate awo monga mwa mwambo. Anagwira pakamwa, koma anavomera. Patapita sabata ndinawafunsa, iwo anati, "Ba mulamu, nkhaniyo ili m'njira." Nditafunsanso anati, "Yafika pakhomo, ikuvula nsapato." A Estere anali munthu wanthabwala ngakhale pamaliro, ndipo ine ndinalola nthabwala zawo kundigoneka, chifukwa ndinkaopa yankho. Amuna amene ndinawalemba kuti adzakoke khoka nawonso anasunga pakamwa, pakuti panalibe wofuna kukhala woyamba kuwauza a Zakariya.

Lachisanu, tsiku loti mawa khoka

M'mawa a Estere anafika akupuma mofulumira, nati atate akutiitana tonse awiri kudamu. Ndinaganiza kuti akufuna kundidzudzula. Ndinavala chitenje chabwino pamwamba pa yunifomu, n'kutsatira.

Tinawapeza atakhala pa chitsa, chitini chakale cha fodya chili pabondo, tambala wawo wofiira atamumangirira mwendo pa kamtengo. Ndinagwada patali, mapazi khumi kapena kuposerapo, nkhope nditayang'ana kumbali.

"Estere, uwauze amake Lameki kuti ndawaona."

"Ba mulamu, akuti akuonani," anatero a Estere. "Ngati munali ndi chikayiko."

"Uwauzenso asendere pang'ono. Zimene ndikufuna kuwaonetsa ndi zazing'ono."

Ndinasendera ndi mawondo. Anazula kanthenga kamodzi pakhosi pa tambala, tambalayo n'kukuwa, a Estere n'kunena kuti nkhuku imeneyi idzafika kumwamba ili maliseche. A Zakariya sanaseke. Anatenga mbedza, n'kuphwanya kamunga kake ndi pulayala kuti isang'ambe pakamwa pa nsomba. Anadula kachidutswa ka phesi louma, n'kukamangirira pa mbedza ndi ulusi wakuda umene ndinauzindikira kuti unachokera pa makina anga. Kenako anazunguliza nthenga ya tambala, nawonjezera ziwiri za nkhanga ngati mapiko. Zala zawo zinkanjenjemera pogwira kapu, koma pa ntchito iyi zinali zokhazikika. Atamaliza anachiika pachikhatho cha a Estere, iwo n'kundibweretsera. Chinali chiwala chenicheni, chongosowa kudumpha.

"Uwauze kuti tirauti ya ku Nyanga inali yamanyazi ngati mtengwa watsopano. Ukangoponda mwala, yathawa. Koma chikamwa ndi chaukali. Sichidya chifukwa cha njala yokha, chimadya chifukwa chakwiya."

Analowa m'madzi mpaka m'mawondo. Ndodo yawo yowedzera inali ya nsungwi yopalidwa, yolumikiza patatu, imene anapatsidwa posiya ntchito, ndipo kumunsi kwake kunali kagudumu kokulungira chingwe. Ndagwira ntchito ya nsomba zaka makumi atatu, koma sindinaonenso chinthu ngati chimene ankachita ndi chingwe chija. Ankachikweza m'mwamba, chipite kumbuyo, chibwere kutsogolo, chikutalika ulendo uliwonse, chikulira pang'ono ngati mluzu wa munthu wakutali. Kenako ankachilola kugona pamadzi, chiwala n'kutera mwakachetechete pambali pa mtengo wouma. Ankadikira mafunde athe, n'kugwedeza pang'ono. Kachitatu madzi anaphulika, ndodo n'kupindika. Nsombayo atayibweretsa pafupi ananyowetsa manja, naigwira ndi chala chachikulu kumlomo wam'munsi, nachotsa mbedza, naiyendetsa m'madzi mpaka inadzithawira yokha. A Estere anadandaula mokweza kuti, "Atate, ndiwo ikupita iyo! Ine dzulo ndadyera mchere!"

Anagwira zinayi dzuwa lisanafike pamutu, zonse n'kuzibweza. Kenako anatuluka kudzapuma pamthunzi, ndipo m'pamene analankhulanso.

"Estere, uwauze amake Lameki chimene ndawaitanira. Madzi achepa, koma pakati pali dzenje limene tinakumba ndi Yohane. Zazikulu zidzabisala m'menemo mpaka mvula. Mvula ikagwa, ndikupempha andibwereke Lameki Loweruka lililonse. Ali ndi dzanja la atate ake. Ndodo iyi ndi yake."

Ndinayang'ana a Estere. Iwo anali kuyang'ana tambala ngati sanamuonepo chibadwire. Pamenepo ndinadziwa kuti mawu anga sanafike pakhomo, ngakhale pachipata.

Ndinawanong'oneza kuti, "Auzeni tsopano."

"Sindingathe, ba mulamu," anayankha, misozi ili m'maso. "Katatu ndapita. Ndikangotsegula pakamwa, iwo ayamba za Yohane."

Ana anga, ndinali ndi njira ziwiri. Ndikanatha kusunga mwambo, n'kuwasiya adzaone okha m'mawa khoka likulowa m'madzi, pamaso pa mudzi wonse. Kapena ndikanatha kuchita chimene mtengwa wa m'banjamo sanachitepo, kwa munthu amene anaima pakhomo panga ndi ndodo. Ndinasendera mpaka pamapazi awo, ndinaomba m'manja, ndipo ndinawayang'ana kumaso koyamba m'zaka zisanu ndi zitatu. Ndinaona kuti maso awo anali a bambo anu.

"Atate, ndikhululukireni, ndikulankhula ndekha. Mawa kubwera khoka. Tikoka nsomba zonse, anthu adye, ndipo mvula ikagwa tithiramo mpende. Palibe amene wandikakamiza. Ndinasaina ndine."

Anatembenuzira nkhope kumadzi.

"Estere, uwafunse ngati zonse."

"Zonse, atate," ndinayankha ndekha. "Zikatsala ziwiri zidzaswana."

"Estere, uwafunse ngati akudziwa amene ananyamula chigubu pa chitunda cha ku Chinyunyu, ine mwendo utandikana."

Tonse tinkadziwa kuti anali bambo anu, ndipo a Estere sanabwereze.

Anaimirira, natenga ndodo, nalowanso m'madzi, tsopano mpaka m'chiuno. Dzuwa linali loswa mutu. Anaponya ku dzenje lija kwa maola awiri kapena kuposa osagwira kanthu, osatembenuka. Anasintha chiwala n'kuika china chakale, chothothoka, chimene anachitulutsa m'thumba la malaya. A Estere anandinong'oneza kuti chimenecho anamanga ndi Yohane. Dzuwa litapendeka, madzi anatupa popanda phokoso, ndodo n'kuwerama mpaka nsonga yake inakhudza madzi. Kagudumu kanalira. Nsombayo inadumpha kawiri, ikugwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti inali yaitali ngati mkono wanga. Analimbana nayo modekha, akuipatsa chingwe ikakoka, akukulunga ikatopa. Atayigwira kumlomo anayenda nayo mpaka pafupi ndi pamene ndinagwada. Inali ya diso limodzi. Nkhani yake ndinkaidziwa, chifukwa bambo anu ankaisimba mwamanyazi: akuphunzira kuponya, anaikola m'diso, ndipo atate awo sanawalankhule masiku awiri.

Ndinaganiza kuti aipha n'kundiponyera pamapazi. Koma anawerama, naiika m'madzi, naisisita pamsana mpaka inapita. Kenako anandiyang'ana ine, osati a Estere.

"Mwana wanga, lero ndi yanga. Mawa ndi yanu."

Amenewo ndi mawu okhawo amene apongozi anga anandilankhula mwachindunji pa moyo wawo wonse.

Seputembala 1992 mpaka Febuluwale 1993

Khoka linabwera pa ngolo. Amuna makumi awiri anakoka kuyambira m'mawa, akazi ataima ndi mabeseni. Tinagawa poyambira nyumba za ana otupa, zotsala n'kuziwamba. Ya diso limodzi inatuluka pa kukoka komaliza, itadzola matope. Ndinainyamula ndekha n'kuipereka kwa mayi wina wa mapasa amene mkaka unamuuma. A Zakariya sanatuluke m'nyumba tsiku limenelo, ndipo kudamu sanapondekonso.

Patapita sabata, a Estere anafika kwathu atapanira tambala wofiira m'khwapa, khosi lake lili mbee.

"Ba mulamu, nkhuku yanu iyi. Yachedwa zaka zisanu ndi zitatu, ndiye musayang'ane khosi. Akuti mubwere mudzakhale pampando."

Tanthauzo lake ndinalimva bwino lomwe. Panalibe chobisika. Chimene ndinayenera kuchita chinali kusamba, kuvala, n'kuyenda mtunda wosakwana theka la ola. Koma ndinali ndi manyazi, ndipo pamwamba pa manyaziwo ndinaikapo nzeru ya kuntchito. Ndinadziuza kuti sindingakakhale pampando umenewo chimanjamanja. Ndidzapita mpende zikakula, nditanyamula beseni lodzaza, kuti aone ndi maso kuti nsomba za mwana wawo sizinafe pachabe. Ndinatuma a Estere kukathokoza ndi kunena kuti ndikubwera ntchito ikachepa.

Ntchito sinachepe. Mvula inagwa mu Disembala, damu linadzaza, a Sakala anapeza mafuta, ndipo tinathira tiana ta mpende. Mu Januwale ananditumiza ku Shikabeta kwa milungu isanu ndi umodzi kukathandiza alimi amene timadamu tawo tinagumuka. Uthenga wa maliro a apongozi anga unandipeza kumeneko, wonyamulidwa ndi munthu wa panjinga, patapita masiku awiri chimwalirireni. A Zakariya anadwala chibayo masiku anayi okha. Ndinafika atawaika kale. Mpende panthawiyo zinali zazitali ngati chala.

Nditalira pamanda, a Estere ananditengera kunyumba ya atate awo. Pakhonde panali mipando iwiri, wawo wachikopa ndi wina watsopano wa mukwa, wosakhalidwapo.

"Anausema okha," anatero a Estere, ndipo tsiku limenelo munalibe nthabwala m'mawu awo. "Masana aliwonse ankautulutsa, dzuwa likalowa n'kuulowetsa. Ndikawauza kuti ndikakuitaneni, ankati, usawavute, ali pa ntchito ya boma, abwera."

Ndinapuma ntchito nditathira mpende m'madamu ambiri, ndipo la ku Chinyunyu likudyetsabe anthu. Za khoka sindinong'oneza bondo. Mapasa aja anakula, ndipo mmodzi amandipatsa moni ndikamadutsa pamsika wa pamsewu. Chimene chimandipweteka ndi theka la ola lija.

Iwe Lameki, ndodo ya nsungwi ili pamwamba pa kabati. Inali yako kuyambira tsiku lija, ndipo ndine ndinachititsa kuti usakhale ndi wokuphunzitsa. Iwe Tereza, chitini cha ziwala chili m'sutikesi yobiriwira. Muzitsegula nthawi ndi nthawi kuti njenjete zisadye nthenga. Mpando wa mukwa ndi uwu ndakhalirapo polemba. Ndikukupemphani kuti mapepala awa musawasiyanitse ndi zinthu zitatuzi, ndipo ana anu akadzafunsa chifukwa chake mpando wosakongola chonchi sutayidwa, mudzawawerengere.